Amake Stelia Ndine

Kanjedza, Limbe
8 Juni 1986

Okondedwa achemwali anga a Dailesi,

Ndayamba ndi moni, achemwali. Kodi muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu a William ndi ana onse? Nanga mwendo wa amayi uja ukuwalola kufika kudimba, kapena kuzizira kwa Juni kwawabwezeranso pamphasa? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chapita. Limbe chaka chino akuzizira ngati kwathu kumapiri, chiperoni chikangoyamba dzuwa timaliiwala, ndipo matewera a khanda la adona akumagona pachingwe osauma.

Ntchito ikuyenda. Adona masiku ano akaweruka ku ofesi akumapita kokonzekera magule a pa 6 Julayi, ndiye nyumba yonse ili pamutu panga, kuphika, kuchapa, khanda, komanso Benedict, mwana wawo wamkulu uja, amene ndimamuperekeza kusukulu m'mawa n'kukamutenganso masana. Mwezi watha ndinasowetsa khadi la chipani, ayufi n'kundibweza pachipata cha msika ndili ndi basiketi m'manja, mpaka ndinagula lina. Lakale lija ndalipeza dzana m'thumba la yunifolomu, litachapidwa kale n'kusitidwa. Musandiseke.

Koma sindinakhale pansi kuti ndilembe za makhadi. Lachitatu ndinakumana ndi a Zefaniya, a kutsidya kwa mtsinje aja, pamsika wa Limbe. Anabwera palole ndi madengu a manachesi a kwathu. Titaonana tinakondwa, anandidzazira manachesi m'basiketi, n'kuyamba kundikhuthulira nkhani zonse za kumudzi, amene akwatiwa, amene amwalira, ndi amene mbuzi zawo zinagwidwa m'munda wa tirigu. Kenako anafika pa nkhani ya tsiku lotsekera sukulu, lija la Pasaka isanafike.

Akuti makolo munadzaza bwalo, ana atakhala m'mizere pansi pa mitengo ya mango, ahedi ataima patebulo kuitana mayina a amene akhoza. Atafika pa Sitandade 1 anatchula woyamba, kenako wachiwiri n'kukhala Stelia. Stelia wanga, achemwali. Ahedi atafunsa kuti mayi wa mwana ameneyu ali kuti, akuti amake Stelia anadzambatuka, mpango uko, nthungululu mpaka agalu a kunyumba za aphunzitsi kuyamba kuuwa, n'kumubereka mwana kumbuyo ngati khanda, kuzungulira naye bwalo lonse anthu akuomba m'manja.

Ine ndinangoti kukamwa yasa. Ndinawafunsa a Zefaniya kuti akunena amake Stelia ake ati, poti amake Stelia ndi amene aima pamaso pawo ndi basiketi ya adona. Bambo aja manyazi anawagwira. Anayamba kusenda nachesi limene palibe anawapempha, maso ali pansi, n'kundipepesa kuti lilime langozolowera, poti kumudzi ndi mmene aliyense akukuitanirani masiku ano, kuchitsime, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi poitana amayi a chigwirizano.

Achemwali, sindikubisirani, ndachita nsanje. Ndachita nsanje yoti chakudya sichikutsika. Manachesi aja ndinangopatsa mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, ine amene ndimalota manachesi a kwathu chaka chonse. Ndayesa kupemphera kuti ichoke, lero kutchalitchi ndinagwada nthawi yaitali mpaka mawondo kuwawa, koma ndabwera nayo kunyumba ili yomweyo.

Dzina limenelo ndinalivutikira, ndipo inu munalipo. Munali pambali pa machira tsiku limene anandinyamula kutsika phiri kupita kukabereka mvula ikugwa, amuna akuterereka m'matope, inu mukundikalipira kuti ndisagone. Bambo ake a Stelia atapita ku Joni n'kutchona, za ukwati zonse zinathera pomwepo, ine n'kutsala ndi dzina limenelo basi. Kuno palibe amene amanditchula choncho. Adona amati Tryness, ana amati anti, amuna a pamsika amati sisi. Ndinkadzitonthoza kuti zilibe kanthu, kuseri kwa mapiri kuli mudzi umene umadziwa dzina langa lenileni. Lero ndikumva kuti nalonso mwavala inu, ngati bulauzi yanga yofiira ija imene munabwereka kale osabweza.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi kalata yanu ya pa Pasaka. Ndaitulutsa m'sutikesi n'kuiwerenganso. Mwalemba za denga la khitchini, za nkhumba ya alamu imene inaswa, za maliro a kwa a Jameson. Za mwana wanga mwangoti Stelia ali bwino, kusukulu akupita. Basi! Mwana wakhala nambala 2 pagulu la ana odzaza bwalo, inu mwavina naye mpaka fumbi koboo, ine n'kudzamva kwa munthu wogulitsa manachesi patatha miyezi? Kapena munaona kuti chimwemwe chimenecho chikafika ku Limbe chichepa kumeneko?

A Zefaniya sanalekere pomwepo, paja pakamwa pawo sipatsekeka. Akuti aphunzitsi a Stelia, a Gerishon, akaweruka amadutsa panjira ya kuseri kwa nkhokwe yanu, n'kukhala pakhonde kukuuzani zonse za tsiku limenelo. Mumadziwa tsiku limene Stelia wayankha bwino ndi tsiku limene wasinza. Mumadziwa kuti ndi iye amene amayambitsa nyimbo ana akamaguba kulowa m'kalasi. Ine sindinadziwe n'komwe kuti mwana wanga amaimba. Akutinso mano akutsogolo anaguluka, akaseka amatseka pakamwa ndi dzanja. Mano amenewo ndi ine amene ndinawaona akumera, ndi ine amene anandiluma nawo bere, koma poguluka palibe anandiuza.

Ndamvanso za sileti. Akuti anyamata a Sitandade 3 anamubisira sileti m'tchire, mwana anabwera kunyumba akulira, ndipo kutacha inu munamanga nsalu m'chiuno n'kukafika kusukulu belu lisanalire. Akuti munalankhula mpaka ahedi anatuluka mu ofesi, sileti n'kupezeka nthawi yomweyo. Munachita bwino, sindikukana. Koma pamene a Zefaniya ankaseka pofotokoza, ine mumtima ndinkangoti, amene akanamanga nsalu m'chiuno pamenepo ndi ine.

Mwina mudzati mng'ono wanga wapenga. Mwina mudzatinso kwathu kuno mwana sakhala ndi mayi mmodzi, wa mng'ono wako ndi wako yemwe. Zimenezo ndikuzidziwa, ndinakulira momwemo. Koma nanunso muvomere kuti nkhaniyi ikukukomerani. Anyamata anu atatu aja palibe ndi mmodzi yemwe anakuimiritsanipo pa tsiku lotsekera. Mabvuto sukulu anaisiyira mbuzi, enawo mayina awo amatchulidwa anthu atayamba kale kunyamula mipando. Ndiye Mulungu wakugwetserani kamtsikana kanzeru pakhomo, mwangoti laponda lamphawi. Pepani, ndalemba kale, sindifufuta.

Ndikuuzeni za kuno kuti mumvetse pamene mtima wanga waima. Za Benedict, mwana wa eni ake, palibe chimene sindidziwa. Ndimadziwa mpando umene amakhala, mnzake amene amamulanda buledi, ndi tsiku limene amachita masewera. Aphunzitsi ake, mayi Clara, akandiona pageti masana amandikodola n'kundiuza kuti lero wavuta, kapena lero wawerenga bwino, kapena mawa abwere ndi pensulo ina. Adona akafika madzulo amafunsa ine kuti aphunzitsi ati bwanji. Tsiku ndi tsiku ndimanyamula chikwama cha mwana wa munthu wina, ndimalankhula ndi aphunzitsi a mwana wa munthu wina, pamene aphunzitsi a mwana wanga sindidziwa ngati ndi aatali kapena aafupi.

Tsiku lina mwezi wathawu Benedict anakhoza masamu onse. Linali Loweruka lake pamene anakumbukira zoonetsa, adona ali pabalaza. Mwana uja anatulutsa kope m'chikwama, kuwadutsa mayi ake ngati sanawaone, liwiro mpaka kukhitchini kudzandionetsa ine. Nditadzutsa mutu ndinaona adona ataima pakhomo la khitchini, akungotiyang'ana. Koma tsiku limenelo chilichonse chimene ndinagwira chinalakwika, pansi sindinakolope bwino, malaya a abwana ndapsereza kolala, ndiwo ndachulutsa mchere. Ndinawakwiyira kwambiri, ndinkati mayi ameneyu ndi wankhanza. Lachitatu pochokera kumsika, basiketi ili pamutu, m'pamene ndinawamvetsa. Ndiye musadabwe ngati kalata inonso yachuluka mchere.

Musaganize kuti ndaiwala zimene mwandichitira. Pamene ndinkakwera lole kubwera kuno, opanda ngakhale bulangeti, ndi inu amene munamuchotsa Stelia kumsana kwanga n'kumuika kwanu, alamu osanena kanthu. Amayi anandiuzanso kudzera mwa achimwene a Ezekiele za tsiku lokalembetsa sukulu, kuti atamuuza mwana kuti adutsitse dzanja pamutu agwire khutu, kadzanja kanaperewera, inu n'kumupendeketsa mutu mwakachetechete ahedi akuyang'ana kumbali. Pakanapanda inu bwenzi chaka chino akusewerabe fulaye pabwalo. Ngakhale kulemba kumene ndikukulemberani mwanoku ndi kwanu, poti munasiya sukulu ndinu kuti ine ndipite. Zonsezo ndikuthokoza. Kungoti kuthokoza ndi nsanje zakhala mumtima umodzi, ndipo palibe chimene chikufuna kupatsa chinzake malo.

Pali chinthu china chimene sindinakuuzenipo. Mukukumbukira Khirisimasi ija ndinabwera, chaka chadzana? Nditafika pabwalo Stelia anathawira kuseri kwa nsalu yanu. Inu munamukankha kuti akapereke moni, mwana anabwera, kugwada bwinobwino monga munamuphunzitsira, n'kunena kuti muli bwanji amayi aang'ono. Bwalo lonse linafa nacho chiseko, inenso ndinaseka nawo. Koma mwanayo sanalakwitse. Anawerengera bwino, paja ndi wa nambala 2. Ngati amayi ndi a Dailesi, ndiye kuti mng'ono wawo wochokera kutauni ndi amayi aang'ono. Mawu amenewo ndinakwera nawo basi pa Zalewa, ndipo mpaka lero sanatsike.

Tsopano ndilankhule ndi amene akuwerenga. Ndikudziwa kuti makalata a m'mudzi mwathu amafikira kusukulu, ndipo a Zefaniya andiuza kuti chichokereni achimwene a Ezekiele kupita ku Mwanza, amene amakuwerengerani ndi kukulemberani ndi a Gerishon omwewo. Ndiye aphunzitsi, muli bwanji? Ine ndine Tryness, mayi wake womubereka Stelia wa mu Sitandade 1. Sitinaonanepo, poti munabwera pasukulupo ine nditachoka kale. Pepani kuti mwayamba kundidziwira m'kalata yolongolola chonchi, si mmene ndimakhalira masiku onse. Chonde musadumphe mzere uliwonse, ndipo musafewetse mawu. Achemwali angawa amandidziwa, mukakometsa adzazindikira kuti si ine.

Ndikuthokozani, aphunzitsi, chifukwa cha mwana wanga. Koma inunso ndili nanu mawu. Dzanja limene linalemba kuti Stelia ali bwino, kusukulu akupita, ndi lanu. Inu amene mumamuona kuyambira belu la m'mawa mpaka loweruka, inu amene munalemba nambala 2 ija ndi cholembera chanu, munalephera kuwonjezera kamzere kamodzi m'munsi? Pepala linatsala theka lonse loyera. Ulendo wina achemwali akamaliza mawu awo, musafulumire kumata envelopu. Ndiuzeni ngakhale zazing'ono, kaya amakhala kutsogolo kapena kumbuyo, kaya amasewera ndi yani popuma, kaya amalemba ndi dzanja liti. Ine ndine wamanzere, ankandimenya nazo kusukulu mpaka ndinaphunzira lamanja. Ngati watengera ine, musamumenye, ndipo mundiuze, kuti ndidziwe kuti pali kena kanga kamene kanatsalira mwa iye.

Ndabwereranso kwa inu, achemwali, ndi pempho langa. Ndi limodzi lokha. Pa tsiku lotsekera chaka mu Julayi akubwerayu, pamene adzanene amene akupita ku Sitandade 2, ine ndidzakhalapo. Ndawapempha kale adona. Poyamba anakana, akuti khanda lisiyidwa ndi yani. Ndiye ndinawafotokozera zonse, za a Zefaniya, za nthungululu, za dzina. Anayang'ana Benedict amene ankasewera pakapinga, kenako anangoti zikondwerero zikatha ndipite. Aphunzitsi andilembere msanga tsiku lake lenileni, kuti ndisadzafike bwalo litasesedwa kale. Ndidzatsikira pamphambano, ndipo lole ikadzasowa ndidzakwera phirilo wapansi.

Pempho lenileni ndi ili. Ahedi akadzatchula dzina la Stelia n'kufunsa kuti mayi wa mwanayu ali kuti, inu mudzakhale pansi. Ndikudziwa kuti miyendo idzakuyabwani. Mudzagwire mwendo wa mpando, kapena amayi adzakukhalireni pansalu, koma musadzaimirire. Kaya adzakhala nambala 1, kaya adzatsika mpaka kumunsi kumene kumakhala anyamata anu, ine ndilibe nazo kanthu. Akadzangomutchula, woimirira ndidzakhale ine.

Nthungululu ndayamba kale kuyeserera. Paja mukudziwa kuti sindinaidziwepo bwino, paukwati wa achimwene munkandiseka kuti ndikumveka ngati nkhuku yachitopa. Ndikumayesera kuseri kwa nyumba poyanika zovala, adona akachoka. Dzana mlonda uja anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabadwa mwana kapena ndalumidwa ndi chinkhanira. Koma ikubwera pang'onopang'ono, pofika Julayi agalu a aphunzitsi adzauwanso.

Chimene ndikuopa si nthungululu ayi. Ndikuopa kuti ndidzathamanga pakati pa bwalo, anthu onse akuona, manja nditatambasula, mwana n'kundidutsa kuthamangira kwa inu, monga Benedict anawadutsira mayi ake. Pajatu papita nthawi chindionereni, ndipo ndanenepako, tsitsinso ndinawotcha. Ndi chifukwa chake mu envelopu muno mwapeza kansalu. Musakataye poganiza kuti kagweramo mwangozi. Ndagula chitenje chatsopano, chachikasu cha masamba obiriwira, ndipo kameneko ndadula m'mphepete mwake. Chitenjecho ndachipinda m'sutikesi, sindichivala mpaka tsiku limenelo.

Kansaluko mumupatse Stelia, amangirire pachingwe cha sileti yake kuti azikaona tsiku lililonse. Mumuuze kuti pa tsiku lotsekera adzayang'ane pagulu la makolo, ndipo mayi amene adzavale nsalu yofanana ndi kameneko ndi amene anamubereka. Musamuuze kuti kukubwera amayi aang'ono. Mumuuze ndi pakamwa panu, achemwali, osati aphunzitsi, osati amayi, chifukwa mwanayo amakhulupirira inu. Ndipo zikadzakanika, akadzaiwala n'kuthamangira kwa inu, musadzamulandire. Mudzangomugwira mapewa n'kumutembenuzira kumene kuli ine.

Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chowawa. Inunso mwamusambitsa, mwamudikirira akudwala chikuku, mwamuphikira mbatata yonyamula kusukulu m'mawa uliwonse. Sindikubwera kudzamutenga, kuno ndilibe pomugoneka, ndipo Lolemba lake ndidzakhala nditabwerera kumatewera a eni ake. Masiku ena onse a chaka ndi anu, mudzapitiriza kukhala pakhonde ndi aphunzitsi n'kumamva zonse. Ine ndikupempha tsiku limodzi, ndiponso si tsiku lonse, ndi kanthawi kochokera pamene ahedi atchule dzina mpaka pamene ndidzamutsitse kumsana.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka mwendo ndidzabwera nawo ndekha. Moni kwa alamu a William, kwa Mabvuto ndi ang'ono ake, muwauze kuti amayi awo aang'ono sanawanyoze ndi mtima woipa. Moni kwa achimwene a Ezekiele ndi alamu akadzabwera kuchokera ku Mwanza, kwa azakhali a Jessie, ndi kwa amayi onse a chigwirizano. A Zefaniya musawakalipire, anangonena zimene anamva. Aphunzitsi, zikomo powerenga mpaka pano, imwani madzi.

Kwa Stelia sindikupereka moni, chifukwa sindikudziwa kuti mukamuuza mudzati wachokera kwa yani. Mungomupatsa kansaluko.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane pabwalo la sukulu.

Ndine mng'ono wanu,
Tryness, amake Stelia